Kanema wa beni wafika ku Joni koma m'thumba mulibe kanthu

Funso la lero lachokera kwa bambo wina wa m'dera la Namwera, amene amatsogolera gulu la achinyamata ovina beni, ena mwa iwo oimbanso ndi magitala. Iwo akuti: "Chaka chatha tinakavina pa loji ina kunyanja. Mlendo wina anatijambula pa foni, kanemayo n'kufalikira pa TikTok ndi pa Facebook mpaka abale athu a ku Joni ankatiimbira kuti akutiona. Ife sitinapatepo ngakhale kobiri. Tsamba la gulu pa Facebook anatsegula ndi mphwanga, ndiye anapita ku Joni ndi pasiwedi yomwe. Pano anyamata akundikakamiza kuti tisonkhe ndalama tiike nyimbo zathu pa Spotify, ena akuti tisavutike n'kupita ku situdiyo poti kompyuta ikupeka yokha nyimbo masiku ano. Ine ndine wakale. Kodi zinthu zimenezi zabwera kudzatithandiza kapena kudzatidyera masuku pamutu?"

Bambo, ndiyambe ndi mawu osakoma: ndalama za kanema uja ziiwaleni. Mwinanso mlendo amene anakujambulaniyo sanadyepo kanthu, chifukwa si onse amene makanema awo aonedwa kwambiri amene a TikTok amawalipira. Ndondomeko yawo yolipira ili m'maiko owerengeka okha, monga America, Britain, Germany, France ndi Japan, ndipo kumenekonso munthu ayenera kukhala ndi omutsatira osachepera 10,000 ndi makanema opitirira mphindi imodzi. Amene anadya ndithu ndi eni ake a TikTok ndi Facebook, popeza aliyense amene anaima kuonera anyamata anu akubuula fumbi anaonetsedwanso malonda, ndipo eni malondawo analipira. Makampani a foni nawo anagulitsa mabandulo. Inu munapereka thukuta.

Si inu oyamba. Mukuwadziwa agogo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930. Nyimbo yawo ya Linny Hoo, imene anaiimbanso pamodzi ndi Patience Namadingo mu 2020, inagwira moto pa TikTok chakumapeto kwa 2021 mpaka kuonedwa nthawi zoposa 80 miliyoni, ikuvinidwa ndi anthu osadziwa n'komwe kuti Chiradzulu ili mbali iti. Atolankhani atawapeza kumudzi, mwini nyimboyo analibe ngakhale foni yoti n'kuonerapo TikTok. Kutchuka kunakwera ndege, ndalama zikubwera wapansi.

Kwanu n'kumapiri, koma ndinu a ku Mangochi, ndiye ndikufotokozereni ndi za panyanja. Usiku wopanda mwezi mukaima pagombe ku Makawa kapena ku Msaka mumaona nyali zili ngwee pamadzi ngati tauni. Wanyaliyo ndi siginala, ntchito yake n'kuitana usipa. Koma siginala sapha nsomba. Opha ndi alovi amene amazungulira ndi chilimira n'kukoka. Munthu atapita yekha ndi nyali wopanda ukonde, usipa ubwera ndithu, uzungulirazungulira pansi pa bwato, kukacha n'kubalalika, iye n'kubwerera kumtunda chimanjamanja atangotha mafuta. Kanema wanu anali nyali yowala bwino, ndipo anthu anasonkhana. Koma pansi pake panalibe dzina la gulu, panalibe nambala ya foni, panalibe poti munthu wofuna kukuitanani ku ukwati wa mwana wake akupezereni. Munalibe ukonde.

Ine ndinayamba kuyendetsa magulu a zoimbaimba nthawi ya makaseti. Woimba ankajambula chimbale, n'kupita nacho kwa O.G. Issa, wogulitsa makaseti ku Blantyre, makaseti n'kumatidwa kachizindikiro ka COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso, n'kumwazikira m'misika. Nyimbo inali katundu wogwirika ngati thumba la mtedza, ndipo munkatha kuwerenga kuti zapita zingati. Kenaka kunabwera ma CD, kenaka timashopu ta anyamata a kompyuta oika nyimbo mazanamazana m'memori khadi pa mtengo wa botolo la chakumwa. Pomwepo malonda a chimbale anafa, ndipo sadzadzukanso. Ena mwa anzanga mpaka lero akulirabe malirowo. Ine ndinatonthola kalekale, chifukwa makina omwewo amene anapha kaseti anatsitsanso mtengo wojambulira. Kale gulu la ku Namwera likanayenera kusonkha ya basi mpaka ku Blantyre kapena ku Balaka kukadikira pamzere wa situdiyo. Lero mnyamata wa laputopu yakutha, pulogalamu yopangira nyimbo ya FL Studio ndi maikolofoni imodzi amajambula nyimbo m'chipinda chogona atakhoma matilesi pazenera. Walira mvula walira matope.

Chimene chasintha kwambiri, chimene anthu sachilabadira, ndi ntchito yanu inuyo mtsogoleri. Manejala wakale anali munthu wodziwana ndi eni maholo, wodziwa kobwereka zokuzira mawu, woima pakhomo kulandira ndalama. Lero theka la ntchitoyo ndi ulembi: ndani ali ndi pasiwedi, nyimbo zasungidwa pati, dzina la wopeka lalembedwa pati, ndalama zikulowa pa nambala ya yani. Ndi ntchito yotopetsa, palibe amaiombera m'manja, n'chifukwa chake m'magulu ambiri amaisiyira mwana aliyense amene ali ndi foni yabwino. Inu mwadzitcha wakale ngati n'chilema. Ayi. Kukanikiza mabatani asiyireni anyamata, koma kusunga chuma cha gulu ndi ntchito ya wamkulu, ndipo tsamba la Facebook ndi chuma ngati ng'oma ndi mayunifomu.

Choncho musanasonkhe ndalama ya china chilichonse, gulani simu khadi ya gulu, ilembetsedwe ndi chiphaso cha unzika cha inuyo kapena msungichuma. Pa nambala imeneyo mutsegulirepo imelo ya gulu, WhatsApp ya gulu, ndi Airtel Money kapena Mpamba ya gulu. Muziigwiritsa ntchito pafupipafupi, chifukwa nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito amaitseka n'kudzaipereka kwa munthu wina, ndiye makodi onse olowera m'maakaunti anu azidzapita kwa mlendo. Tsamba la Facebook limalola oliyendetsa angapo: akhale atatu, inuyo mukhale mmodzi, ngakhale musamalembepo kanthu. Mapasiwedi alembedwe m'kope lomwe mumalembamo za msonkhano, lisungidwe m'bokosi. Ndipo muwatsine khutu anyamata kuti wina akaimba foni n'kunena kuti "ndatumiza kodi molakwitsa, tandiwerengereni", ameneyo ndi wakuba. Akangomuwerengera manambala 6 aja, WhatsApp ya gulu yapita, ndipo mawa azipempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu.

Za nambala ya ndalama ndikhalepo pang'ono. Magulu amene ndawaona akutha, ambiri sanathe chifukwa cha kusowa luso. Anatha chifukwa ndalama ya kuvina inalowa pa foni ya munthu mmodzi, n'kusakanikirana ndi ya ndiwo ya kunyumba kwake. Iye sanabe mwadala, koma mwana atadwala anatapako, ndipo tsiku logawana nambala sizinagwirizane. Nambala ya gulu imachotsa kunong'onezana konseko chifukwa ndalama iliyonse yolowa kapena yotuluka imasiya uthenga. Msungichuma aziwerenga mauthengawo mokweza pa msonkhano, ngati mmene amayi a banki m'khonde amawerengera ndalama pamaso pa onse. Nthawi ya Covid-19 mu 2020, misonkhano ya anthu ambiri italetsedwa, oimba amene anapulumuka ndi amene ankaimba pa Facebook nambala ya Mpamba ndi ya Airtel Money zili pansi pa kanema, anthu n'kumafupa ali kunyumba. Mliri unatha koma chizolowezicho chinatsala.

Tsopano za Spotify zimene anyamata akulimbikira. Inafika ku Malawi mu February 2021, ndipo kuikapo nyimbo si kolakwika. Koma mudziwe mmene zimayendera. Simungaike nokha: mumadzera kwa kampani yogawa nyimbo monga DistroKid, TuneCore kapena CD Baby. DistroKid amalipiritsa chaka ndi chaka, ndipo mukasiya kulipira nyimbo zikhoza kuchotsedwa. CD Baby amalipiritsa kamodzi n'kumadulako gawo pa zimene mwapeza. Onsewa amafuna madola kudzera pa khadi ya ku banki, ndipo inu mukudziwa mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023, ndi mmene ndalama zakunja zimavutira. Nyimbo imawerengedwa kuti yamvedwa munthu akaimvera masekondi 30. Chiwerengero chimene anthu a ntchitoyi amakonda kutchula ndi madola atatu kapena anayi pa kumvedwa ka 1,000, ndipo chimatsika omverawo akakhala a m'maiko amene mtengo wa Spotify ndi wotsika kapena amene amamvera ulere. Kuyambira mu 2024 anaikanso lamulo loti nyimbo imene sinamvedwe ka 1,000 pa miyezi 12 isalandire kalikonse. Ndiye dzifunseni: mwa anthu amene amakonda beni wanu ku Namwera, ku Katuli, ku Malindi, ndi angati amene amatha bandulo yawo pa Spotify? Ambiri amamvera za m'memori khadi, zotumizirana pa WhatsApp, ndi za pa wailesi. Kusonkha lero ndalama ya Spotify n'kugula mbereko mwana asanabadwe. Ngati anyamata akufunitsitsa kuona dzina lawo pa intaneti, ayambe ndi Audiomack, malo ena omverera nyimbo pa intaneti, kumene amaika ulere. Ndipo wina akadzabwera kuti "ndipatseni ndalama ndikuchulukitsireni omvera", m'thamangitseni. Omvera akewo ndi makina, ndipo akagwidwa nyimbo zanu ndizo zimachotsedwa.

YouTube ndi yabwinoko kwa gulu ngati lanu chifukwa beni ndi woonera, si womvera chabe. Koma nakonso musawerengere madzi a mphutsi. Kuti ayambe kukugawirani za malonda amafuna olembetsa 1,000 ndi maola 4,000 oonedwa pa chaka, ndipo kwa zaka zambiri Malawi sanali pa mndandanda wa maiko olipidwa mwachindunji, pamene Kenya, Tanzania, Zimbabwe ndi South Africa analipo. Aluso athu ena amazemba polembetsa kudzera mwa m'bale wokhala kunja. Zimatheka, koma akauntiyo imakhala m'dzina la m'baleyo, ndalama zimagwera ku banki yake, ndipo mwaona kale nokha zimene zimachitika kiyi akakhala m'thumba la munthu mmodzi. Itengeni YouTube ngati shelefu poonetserapo katundu wanu.

Ndalama yeniyeni ili kuti nanga? Mwaitchula nokha m'funso lanu osazindikira. Ili ku Joni. Mangochi ndi limodzi mwa maboma amene atumiza ana awo ambiri ku South Africa, mwakuti m'midzi ina nyumba zamalata zimadziwika ndi dzina la mwana amene ali ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town. Anthu amenewa ali ndi foni zabwino, ali ndi bandulo, amalandira malandi, ndipo amapukwa kwawo. Njira yotumizira ndalama anaizolowera kale, mwezi ndi mwezi amapita ku Mukuru. Amene anakuimbirani kuti "takuonani" ndiwo usipa uja unabwera pa nyali. Munthu wotere mwana wake akamatuluka ku jando iye ali kutali, mchemwali wake akamakwatiwa iye walephera kubwera, amafuna gule akavinidwe pakhomo pa mayi ake, dzina lake litchulidwe m'nyimbo, kanema amutumizire usiku womwewo kuti akaonetse anzake a kuntchito. Imeneyo ndi ntchito yolipidwa, ndipo zaka 20 zapitazo kunalibe. Tiyerekeze anthu 30 okha, aliyense atatumiza malandi 100 pa chaka: kuti ndalama yomweyo muipeze pa Spotify, nyimbo zanu ziyenera kumvedwa maulendo masauzande makumi angapo. Tsegulani gulu la WhatsApp la okonda gule wanu, sabata iliyonse muziponyamo kanema wamfupi wa pokonzekera, mitengo yanu ikhale yodziwika, theka lizilipiridwa musananyamuke. Kanema wa amene walipira muzimutumizira ngati dokyumenti, chifukwa WhatsApp imafinya kanema wotumizidwa mwachizolowezi mpaka nkhope kusaoneka bwino. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Msika wachiwiri ndi maloji a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Nkopola mpaka ku Chembe, ndi maphwando a zaluso. Lake of Stars, imene inayamba mu 2004 ku Chintheche, inachitikirapo ku Nkopola zaka zingapo, pakhomo panu pomwe. Okonza maphwando otere sayendanso m'midzi kufunafuna magulu. Amatsegula foni. Chimene amafuna ndi chochepa: kanema mmodzi wooneka bwino wa mphindi zitatu, zithunzi zisanu zojambulidwa masana, ndime imodzi yofotokoza gulu m'Chichewa ndi m'Chingerezi, chiwerengero cha anthu, zimene mumafuna pa siteji, ndi nambala imene imayankhidwa. Zonsezi zikhale pamalo amodzi zoti n'kutumizidwa mphindi yomweyo. Ndaonapo gulu lovina bwino kwambiri likutaya mwayi chifukwa foni inali kotchaja ku sitolo masiku awiri, wopempha n'kutenga gulu lina losaposa iwo koma loyankha msanga. Osema ziboliboli ndi ojambula zithunzi a ku Cape Maclear anazindikira izi kale: mlendo akagula kanthu amasinthana naye nambala, ndipo oda ina imabwera mlendoyo ali kwawo.

Pa za kujambulidwa, simungaletse munthu aliyense wa foni, ndipo si nzeru kutero, poti nyali ija mukuifuna. Chofunika n'kusiyanitsa. Mlendo wongosangalala m'loleni, koma kumbuyo kwa ovina kukhale nsalu yolembedwa dzina la gulu ndi nambala m'zilembo zikuluzikulu, kuti kanema akapita kulikonse ukonde upite nawo. Nsalu imeneyo ndi yotsika mtengo kuposa chaka chimodzi cha DistroKid, ndipo ikubweretserani zambiri. Koma wobwera ndi kamera yaikulu, wopanga filimu, wa bungwe, kapena loji imene ikufuna kukuikani pa malonda ake, ameneyo akhale pansi. Pepala limodzi ndi lokwanira: akajambula chiyani, akagwiritsa ntchito pati, kwa nthawi yaitali bwanji, alipira zingati, dzina la gulu lilembedwa bwanji, ndipo inu akupatsani kope. Asaine, inu musaine, amfumu kapena mboni ina ione. Ngati m'gulu muli ana aang'ono, makolo awo avomereze kaye. Ndipo pali zina zimene siziyenera kulowa m'foni ngakhale munthu atabwera ndi madola. Manganje ovinidwa pabwalo ndi a aliyense. Za kundagala ndi za kundagala. Achewa anakumana nazo kale zimenezi ndi gule wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005: za pabwalo zimaonetsedwa, za kudambwe ayi. Kanema akangotuluka sabwezedwa, ndipo mnyamata wofuna malaiki saganiza zimenezo. Lamulo limeneli muliike inuyo.

Ku COSOMA pitani, musazengereze. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1992, ndipo pano limagwira ntchito motsatira lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016. Limatolera ndalama ku mawailesi, ku malo achisangalalo, komanso pali msonkho wina umene a MRA amatolera pa mafoni, makompyuta, mafulashi ndi mamemori khadi zikamalowa m'dziko, pozindikira kuti m'zipangizo zimenezi ndimo anthu amakoperamo nyimbo. Ndalamazo zimagawidwa kwa aluso, koma kwa okhawo amene analembetsa ndipo ntchito zawo zili m'kaundula. Ndi njira yokhayo imene mnyamata wa kashopu ka kompyuta uja amakubwezerani kenakake, ngakhale mozungulira. Mudziwe chinthu chimodzi: gule wa makolo ndi nyimbo zakale zopanda mwini wodziwika si zanu nokha, lamulo limati boma ndilo limazisunga m'malo mwa anthu onse. Zanu ndi mawu atsopano amene mwapeka, kakonzedwe kanu, ndi chojambulidwa chanu. Choncho tsiku lomwe mwajambula nyimbo, musanatuluke mu situdiyo, lembani kuti mawu wapeka ndani, mayimbidwe ndani, biti wapanga ndani, ndipo pulodyusa mwamulipira zonse kapena ali ndi gawo. Nyimbo ikakhala yosatchuka palibe amakangana. Mkangano umabwera ikaphulika, aliyense n'kukumbukira kuti mzere uja anaunena ndi iye. Mukamapereka nyimbo ku wailesi, monga ya Dzimwe ya ku Mangochi, failo ikhale ndi dzina la nyimbo ndi la gulu, osati "Track 01", chifukwa woulutsa sangalembe dzina limene sakulidziwa.

Nanga kompyuta yopeka nyimbo? Anyamata sakunama. Pali mapulogalamu monga Suno ndi Udio amene mukawalembera mawu ochepa amatulutsa nyimbo yathunthu, woimba ndi zing'wenyeng'wenye zomwe, nthawi yosakwana kuwiritsa tiyi. Mmene amachitira n'kuti anadyetsedwa nyimbo zambirimbiri za anthu, n'kuphunzira kuti phokoso ili limatsatana ndi liti, ndiye amasanza zofanana ndi zimene anadya. Mu June 2024 makampani akuluakulu a nyimbo, Sony, Universal ndi Warner, anawasumira ku America kuti anatenga nyimbo zawo popanda chilolezo. Ofesi yoona za umwini ku America komweko inanena kuti chinthu chopangidwa ndi makina okha, munthu osaikapo luso lake, sichingakhale ndi mwini. Ndipo amene amagwiritsa ntchito Suno ulere saloledwa kuchita malonda ndi nyimbozo. Ndiye mnyamata amene akuti musapite ku situdiyo akukuuzani kuti musiye munda wanu mukalime pa malo opanda mwini.

Sindikunyoza makinawa. Alipo anthu amene awalanda nsima, ndipo ndikuwamvera chisoni: opanga tinyimbo ta malonda pa wailesi, ogulitsa mabiti wamba, ojambula mapositala. Ntchito imene imafuna "chilichonse chomveka bwino" makina aitenga. Koma makina anadya kwambiri za Chingerezi, za ku America ndi ku Ulaya. Chiyao chathu, kalankhulidwe ka ng'oma ya beni, mluzu wa wotsogolera, nthabwala yokhudza nduna ya mfumu imene imaseketsa mudzi umodzi wokha, zimenezo anadya zochepa kwambiri. Ndayeserapo kuwapempha nyimbo ya kwathu kuno, chimene chinatuluka chinali chosalala ngati sopo, chonunkhira kutali ndi Mangochi, mawu akutafunidwa ngati mlendo wongofika kumene. Komanso munthu wa ku Joni uja salipira phokoso. Amalipira anyamata amoyo a m'mudzi mwake kuti akavine pakhomo pa mayi ake. Kumene makinawa angakuthandizeni ndi ku ulembi kuja: kulemba kalata ya Chingerezi yopita ku loji, kukonza bajeti yopempha thandizo, kuchotsa mkokomo wa mphepo ya mwera m'kanema. Zimene alemba muziwerenga kaye, chifukwa amatha kunama molimba mtima, osaphethira.

Ndimaseka pang'ono ovina beni akamaopa zachilendo. Beni yemweyo ndi mwana wa zachilendo. Dzinalo linachokera ku bandi ya asilikali. Anayambira m'matauni a m'mbali mwa nyanja ya mchere ku East Africa, n'kufika kuno makamaka ndi asilikali a King's African Rifles obwera ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Agogo anu anaona azungu akuguba ndi malipenga amkuwa, iwo n'kutenga maudindo a usajeni ndi ukaputeni, mayunifomu ndi mluzu, n'kuziphika m'mphika wawo mpaka zinatuluka gule wa Chiyao amene lero mlendo amamujambula ngati chinthu cha makolo. Sanafunse ngati paredi inabwera kudzawathandiza kapena kudzawadyera. Anaitenga n'kuivina.

Chinthu china ndichinene ndi manyazi chifukwa ndinapsa nacho ndekha. Ndinali ndi hadi dilaivu mmene ndinasungamo zojambula za zaka zitatu, kuphatikizapo nyimbo za gogo wina woimba bangwe amene anamwalira pasanapite nthawi. Tsiku lina magetsi anazima, pobwera anabwera mwamphamvu, kompyuta ndi hadi dilaivu zonse n'kupsa. Kope lina ndinalibe. Gogo uja ndinamuika m'manda kachiwiri ndi manja anga. Zimene Hugh Tracey anajambula m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 zikadalipo mpaka lero ku yunivesite ya Rhodes ku South Africa, maina a oimba ndi malo zili polembedwa, pamene zathu za dzana lomweli zikutha ndi foni yogwera m'madzi. Chilichonse chimene mwajambula chikhale malo atatu: pa kompyuta ya pulodyusa, pa fulashi ya m'bokosi mwanu, ndi pa intaneti. Imelo ya Google imabwera ndi malo aulere okwana 15 GB, okwanira nyimbo zambiri. Kwa pulodyusa musatenge MP3 yokha, mupemphenso WAV, failo ya nyimbo yosafinyidwa, chifukwa ndiyo imafunidwa ndi ogawa nyimbo ndi opanga mafilimu, ndipo mapulodyusa amafufuta zakale malo akawathera.

Za mphwanu uja, musamutenge ngati wakuba. Mwina anangonyamuka mwachangu monga amachitira onse opita ku Joni, za tsamba osaziganizira. Muimbireni mwachibale, mufunse kaye za moyo ndi za ntchito, kenaka mumupemphe awonjezere inuyo ndi msungichuma pa oyendetsa tsambalo. Ndi ntchito ya mphindi zisanu. Iyeyo musamuchotsepo. Ali pakati penipeni pa msika wanu, akudziwa amene akukonza ukwati kumudzi ndi amene mwana wake akulowa ku jando chaka chino, ndiye akhale woimira gulu kumeneko ndi kagawo kake kodziwika pa ntchito iliyonse imene wabweretsa. Akakana kapena akasowa, tsegulani tsamba lina pa imelo ya gulu, mulengeze pa wailesi ndi m'magulu a WhatsApp, lakalelo mulisiye. Ndipo kanema wa mlendo uja ngati akadalipo, mnyamata mmodzi alembe pansi pake dzina la gulu, mudzi ndi nambala yatsopanoyo, kenaka amulembere mwini wake mwaulemu kuti akutchuleni ndi kukutumizirani kanema woyambirira uja wosafinyidwa. Alendo ambiri amavomera, ena amachita manyazi n'kutumizanso kangachepe.